Al-Hasan Ibn al-Haytham, Mlembi wa Kitab al-Manazir

Lachisanu lino tikumbuke munthu amene adafufuza za kuwala ndi maso, Al-Hasan Ibn al-Haytham, Allah amchitire chifundo.

Adabadwira ku Basra, m'dziko la Iraq, cha m'ma 965, chaka cha 354 pa kawerengedwe ka Hijra. Olemba mbiri akusimba kuti iye adanena zoti angathe kuweta mtsinje wa Nile kuti usamasefukire mwachisawawa. Mawuwo adamfika Khalifa Al-Hakim wa ku Cairo, wolamulira woopedwa zedi, ndipo adamuitanitsa. Koma atafika cha ku Aswan n'kudzionera yekha ukulu wa madziwo, adazindikira kuti ntchitoyo siikadatheka ndi zida za nthawiyo. Ife a ku Tete, amene tikudziwa unyinji wa anthu ndi makina amene adafunika kuti Zambezi atsekedwe pa Cahora Bassa, sitingamseke. Damu lalikulu la Aswan lidatha kumangidwa mu 1970.

Adabwerera n'kukavomera pamaso pa mfumu kuti walephera. Poopa kuphedwa adadzichititsa misala, ndipo adamtsekera m'nyumba mpaka 1021, pamene Al-Hakim adazimirira. Iye ndi amene adalemba Kitab al-Manazir, buku la zigawo 7.

Akatswiri akale, Euclid ndi Ptolemy, ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa cheza chimene chimakakhudza chinthu. Iye adatsutsa: kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. Nanga n'chifukwa chiyani woyang'ana dzuwa maso amampweteka? Sadakhutire ndi mtsutso wa pakamwa. Adandanda nyali zingapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi, ndipo pakhoma la m'kati padaoneka madontho a kuwala ofanana chiwerengero ndi nyalizo. Akaphimba nyali imodzi, dontho lake lokha linkazima. Apa adaonetsa kuti kuwala kumayenda molunjika, ndiponso kuti cheza cha nyali zosiyana chimadutsana pa kabowo popanda kusakanikirana. Amene mudagonapo m'nyumba ya malata obooka mudaziona zimenezi m'mawa, fumbi likuvina mu mzere wa dzuwa.

Atamasulidwa adakhala pafupi ndi mzikiti wa Al-Azhar, akudzidyetsa ndi ntchito yokopera mabuku a masamu pamanja. Adalembanso buku lina londandalika zokayikitsa m'zolemba za Ptolemy, ngakhale ankamlemekeza. Adamwalira ku Cairo cha m'ma 1040. Buku lake lidatanthauziridwa m'Chilatini, n'kusindikizidwa ku Basel mu 1572, ndipo Johannes Kepler adapitiriza pamene iye adalekezera.

Nawo obwera pambuyo adapeza malire a zimene iye adaona. Kuwala kwa nyali sikusinthana, inde, koma kwa laser n'kwamphamvu kotero kuti mu 1961 Peter Franken ndi anzake, ku Michigan, adakulowetsa kofiira mu mwala wa quartz, kwina n'kutuluka kutasanduka mtundu wosaoneka ndi maso. Lero akatswiri amatsekera kuwala pakati pa magalasi awiri oyang'anizana. Kumakankha galasi limodzi pang'ono pokha, mtunda wa pakati pawo n'kusintha, ndipo kusinthako kumabwerera kudzachepetsa kapena kuwonjezera kuwala kumene kukudutsa.