Eadweard Muybridge, bambo amene anajambula hatchi ili m'malere

Anzanga okonda kujambula zinyama, tayesani kujambula hatchi ikuthamanga osayang'ana chithunzi chilichonse. Ambiri mutambasula miyendo iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo, eti? Musachite manyazi. Akatswiri a ku Ulaya ankalakwitsa chimodzimodzi kwa zaka zambirimbiri mpaka Eadweard Muybridge atawatsegula maso.

Bamboyu anabadwa mu 1830 ku Kingston upon Thames, ku England. Ali mnyamata anapita ku America komwe ankagulitsa mabuku. Mu 1860 anachita ngozi ya ngolo ku Texas n'kuvulala kwambiri m'mutu, ndipo atachira anayamba kujambula ndi kamera. Tisabise, mbiri yake ili ndi banga: mu 1874 anawombera n'kupha chibwenzi cha mkazi wake, koma khoti linamumasula.

Nkhani ya hatchi inabwera ndi Leland Stanford, mpondamatiki wina woweta mahatchi ku California. Iyeyu ankafuna kudziwa ngati pali nthawi imene hatchi yothamanga imachotsa ziboda zonse zinayi pansi. Ndi maso okha sungaone, liwiro lake si lamasewera. Ndiye mu 1878, ku Palo Alto, Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira, n'kutchera timaulusi todutsa m'njiramo. Hatchi ikagunda kaulusi, kamera imodzi inkajambula.

Zithunzizo zinaonetsa kuti zoonadi ziboda zonse zimachoka pansi, koma pa nthawiyo miyendo imakhala itapindikira kunsi kwa mimba, osati yotambasuka. Mu 1887, akugwira ntchito ndi University of Pennsylvania, anatulutsa Animal Locomotion, mapepala akuluakulu 781 oonetsa mayendedwe a anthu ndi zinyama. Wojambula wotchuka wa ku France, Edgar Degas, anaphunzirapo zambiri pa zithunzi zake. Muybridge anamwalira mu 1904 m'tauni momwe anabadwira.

Nanga inu? Muli ndi foni m'thumba, chinthu chomwe mkuluyu sanachilotepo. Mukafuna kujambula galu kapena mbuzi, musadalire chithunzi chimodzi basi. Tengani vidiyo, muziiimitsa pang'onopang'ono, muone pomwe bondo lapindika ndi mwendo womwe wanyamula thupi. Chongani zimenezo kaye, ubweya ubwere pambuyo. Mwendo ukakhota molakwika, ngakhale mupake utoto wokongola bwanji, aliyense amene anawetapo mbuzi aona kuti mwanama.