Claude Shannon: Katswiri Amene Anaphunzitsa Makina Kuona Patali

Bambo Claude Shannon anabadwa pa 30 April, 1916 m'tauni ya Petoskey, m'cigawo ca Michigan ku America. Atatsiriza maphunziro a masamu ndi a zamagetsi pa Yunivesite ya Michigan mu 1936, anakapitiriza ku Massachusetts Institute of Technology, ndipo mu 1941 analowa nchito ku Bell Laboratories. Ali kumeneko, mu 1948, analemba nkhani imene inakhala maziko a sayansi ya katumizidwe ka mauthenga.

Mu 1950, makompyuta akali owerengeka pa dziko lonse, Bambo Shannon anafalitsa nkhani ina yofotokoza m'mene makina angasewerere chess. Iwo anawerengera kuti nthawi iriyonse wosewera amakhala ndi mayendedwe ngati 30 oti asankhepo, ndi kuti njira zonse zimene masewerawo angadzere ndi zocuruka ngati nambala 1 yotsatidwa ndi maziro 120. Palibe makina angathe kuziona zonse. Motero funso lalikuru linali lakuti: makina aleke pati kuyang'ana kutsogolo?

Iwo anachula njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuyesa mayendedwe onse mpaka pa malire oikika, ndi kulekera pomwepo. Koma njirayi iri ndi msampha. Makina angaone mfumukazi yao ikudya msilikali wa mdani pa malire penipeni nayesa kuti apindula, osadziwa kuti mdaniyo akangosuntha kamodzi adzadya mfumukaziyo. Njira yaciwiri, imene iwo anaiyamikira, ndiyo kucita monga akatswiri a masewerawa: kusiya mayendedwe opanda pace, koma pamene pali kudyana kapena pamene mfumu yaopsezedwa, kulondola njirayo kupitirira malire mpaka nkhondo itazirala.

Nzeru imeneyi, ya kutalikitsa kafufuzidwe pa malo oopsa, inakulitsidwa ndi ena pambuyo pace. Ca m'ma 1988, Thomas Anantharaman, Murray Campbell ndi Feng-hsiung Hsu anaonjezapo lamulo lakuti ngati kuyenda kumodzi kukuposa kwina konse kutalitali, makina akulondole mozama. Lamuloli linagwiritsidwa nchito m'makina a IBM ochedwa Deep Blue, amene mu May 1997 ku New York anagonjetsa ngwazi ya dziko lonse, Garry Kasparov.

Bambo Shannon anali munthu wofatsa koma wokonda nthabwala. Anzao a ku nchito ankawaona akuyenda m'makonde pa njinga ya gudumu limodzi. Mu 1965 ali ku Moscow anasewera ndi ngwazi Mikhail Botvinnik, ndipo anagonja atalimbikira ndithu.

Pamene Deep Blue inapambana, iwo anali atagwidwa kale ndi matenda oiwalitsa a Alzheimer. Anamwalira pa 24 February, 2001 ku Medford, Massachusetts, ali ndi zaka 84. Kufikira lero, makina ambiri osewera chess saweruza masewera nkhondo ikali mkati, monga momwe iwo analangizira.