Karl Schwarzschild, Msilikari Wodziwa Nyenyezi

Anzanga, ine masamu amandibvuta ndiri khale pa desiki, koma Karl Schwarzschild anawacita ali kunkhondo. Anabadwira ku Frankfurt, m'dziko la Germany, m'caka ca 1873, nakula kukhala katswiri wa nyenyezi. Itabuka Nkhondo Yaikuru analowa usilikari mwa kufuna kwace. M'caka ca 1915, pomenyana ndi Russia, anamasula masamu obvuta a Albert Einstein onena za mphamvu yokoka zinthu. Masamu acewo aonetsa kuti cinthu cikapanikizidwa koposa, ngakhale kuunika sikungaturukemo. Cotere lero amacicha dzenje lakuda. Dziko lathuli likadasanduka lotero tikadalifinya mpaka mamilimita 18 m'mimba mwace, ngati kamwala ka bawo! Dzinalo iye sanalimve, pakuti nthenda ya pakhungu inamupha m'caka ca 1916, ali ndi zaka 42.