Du Chisiza Jr: mwana wamasiye amene anavutitsa boma ndi zisudzo



Kuno ku Kande mukafunsa anyamata a pa video show kuti katswiri wa zisudzo ndi ndani, akutchulirani a ku Nigeria kapena aja omenyana m'mafilimu a zigawenga. Ine lero ndikufuna tikambe za wathuwathu, Dunduzu Chisiza Junior, amene ambiri ankangomuti Du.

Du anabadwa pa 26 March 1963, bambo ake atamwalira kale. A Dunduzu Chisiza akuluwo, ochokera ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ndipo anafa mu September 1962 galimoto yawo itapezeka itagwa pafupi ndi mlatho wa Thondwe, pamsewu wa Zomba. Mpaka pano anthu ena sakhulupirira kuti inali ngozi chabe. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, mchimwene wa bambo ake, a Yatuta Chisiza, amene anali nduna asanakangane ndi Kamuzu mu 1964, anaphedwa ndi asilikali cha ku Mwanza mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzalimbana ndi boma. Tangoganizani kukula ndi dzina loti Chisiza masiku amenewo, pomwe anthu ankaopa ngakhale kulitchula mokweza.

Luso lake linaonekera ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre, pomwe sewero lake la The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu. Kenako anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia ku America, nabwerako n'kuyambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Linali gulu loyamba m'Malawi muno loti anthu ake azidyera zisudzo ngati ntchito, osati zongochita akaweruka kwina. Iye ankalemba yekha, kuwongolera yekha, n'kukweranso pa siteji yekha. Masewero amene analemba amaposa 20.

Nthawi imeneyo sewero lililonse linkayenera kudutsa kaye ku Censorship Board. Ndiye munthu unkayenera kunena zinthu mozungulira, kuti wofufuza asapeze pogwira koma woonera amve. Papa's Empire anthu ankaonera akudziwa bwino lomwe kuti Papa wake ndi uti. Nanga Tatuya Futi? Tawerengani dzina loyambalo chobwerera m'mbuyo, ta-tu-ya, muona nokha kuti likutuluka la ndani. Kwa ine kulimba mtima kwake kunali pamenepa, chifukwa anthu ankapita ku Mikuyu pa nkhani zochepa kuposa izi.

Koma pali mbali ina imene sindifuna kuilumpha. Mu 1993, chaka cha referendum, boma la Kamuzu lili pafupi kugwa, Du anavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma lomwelo. Anthu amene ankamuombera m'manja anazizidwa nkhongono. Ena ankati wagulidwa, ena ankati akufuna kukonza zinthu ali mkati. Ine ndimaona kuti anataya zambiri kuposa zimene anapeza: undunawo unatha ndi chisankho cha May 1994, pomwe funso loti analoweranji linamutsata mpaka kumanda. Komabe sindithamangira kumuweruza. Ife tikulemba pa Facebook popanda wotigogodera pakhomo usiku. Iye anakula akudziwa zimene zinaonekera bambo ake onse awiri.

Anabwerera ku siteji, ndipo chakumapeto analowa UDF. Anamwalira pa 24 February 1999 atadwala, ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira, amene ankasewera naye, ndiye anatsogolera Wakhumbata pambuyo pake asanayambitse gulu lakelake la Wanna-Do. Nayenso anatisiya mu 2006.

Chimandiwawa ndi ichi: Television Malawi inayamba kuulutsa mu April 1999, patangopita masabata ochepa Du ataikidwa m'manda. Amene anamuona akusewera maso ndi maso ndi amene analipira pakhomo la holo n'kukhala pansi kumuonera, ndipo ambiri mwa iwo lero imvi zili mbuu. Ngati muli ndi malume kapena azakhali amene anaonerako Wakhumbata, afunseni akusimbireni, mutilembere m'munsimu.