Lewis Bandawe ndi dzina la Alomwe

Ife amene tidakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje timadzitchula Alomwe mosazyolika. Koma makolo athu, amene adakhetsa thukuta m'minda ya tiyi pansi pa goli la thangata, ankaitanidwa kuti Anguru, dzina lachipongwe limene lidalowa ndi m'mabuku a boma momwe. Mmodzi mwa amene adalimbana nalo dzinali ndi malemu Lewis Mataka Bandawe.

A Bandawe adabadwira ku Mozambique. Adafika ku Blantyre Mission ali mnyamata, naphunzira mpaka kukhala mphunzitsi. M'chaka cha 1913 adabwerera kwa anthu a mtundu wawo, ku mishoni ya Mihecani ku Mozambique komweko, kumene adatumikira mpaka 1928. Kumeneko adagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Apa tiime pang'ono: chiyankhulo chimene ena ankachiseka m'maesiteti, iwo adachiona choyenera kunyamula Uthenga Wabwino wa Ambuye Yesu.

Atabwerako adakhala womasulira ku Bwalo Lalikulu la Milandu ku Blantyre. M'chaka cha 1943 adatsogolera pokhazikitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, limene lidaumiriza boma la atsamunda kuti lisiye kulemba Anguru. Boma lidamvera.

Buku la moyo wawo, Memoirs of a Malawian, lidatuluka mu 1971. Chipangano cha Chilomwe chija, tivomere mwamanyazi, ambiri a ife kuno ku Mulanje sitingathe kuwerengamo ngakhale ndime imodzi pa mapemphero a madzulo.