Honus Wagner: Munthu Amene Anakana Kuika Nkhope Yake M'paketi ya Fodya

Aphunzitsi, ana amene muwaphunzitsa amayang'ana kwambiri anthu otchuka, makamaka osewera mpira, ndipo chimene munthu wotchuka avomereza iwonso amachiyesa chabwino. Lero tiphunzira za munthu wa ku America amene anadziwa zimenezi. Muwerenge mbiri yake mofatsa kuti mukaifotokoze kwa ana m'mau anu.

Masewero ake

Ku America anthu amakonda masewero otchedwa baseball. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 9. Wina aponya kampira kolimba, wa mbali ina akamenya ndi chibonga nathamanga kuzungulira malo anai a pabwalo, pamene adani ake alikuthamangira kampirako kuti amtulutse. Kuyambira kale makampani akhala akusindikiza timakhadi ta zithunzi za osewera, ndipo pali anthu ambiri amene amasonkhanitsa makhadi akalewo ndi kuwasunga ngati chuma. Mwa makhadi onsewo, yodziwika koposa ndi ya Honus Wagner.

Ubwana wake

Johannes Peter Wagner anabadwa pa 24 February 1874 m'mudzi wa Chartiers, umene tsopano uli mbali ya tauni ya Carnegie, pafupi ndi mzinda wa Pittsburgh. Makolo ake anachokera ku Germany, ndipo anali anthu osauka a ana ambiri. Kunyumba ankamuitana Hans, ndipo dzinalo linasanduka Honus. Ali ndi zaka 12 anasiya sukulu nakalowa m'migodi ya malasha pamodzi ndi atate ake ndi abale ake. Akaweruka, anyamatawo ankasewera baseball pabwalo la m'mudzi.

Pomuona, palibe akadaganiza kuti angathe kuthamanga. Anali wa chifuwa chachikulu, wa miyendo ya matewe ndi manja akuluakulu. Koma mkulu wake Albert, amene anayamba kusewera asanatero iye, anampezera malo mu 1895. Mu 1897 analowa timu ya Louisville, ndipo mu 1900 anasamukira ku timu ya kwao, Pittsburgh Pirates, kumene anasewera kufikira 1917.

Kutchuka kwake

Wagner anaposa anzake onse a m'chigawo cha National League pa kumenya mpira kasanu ndi katatu, kuyambira 1900 mpaka 1911. Chifukwa cha liwiro lake anampatsa dzina lakuti Flying Dutchman. Koma musaganize kuti zonse zinkamuyendera bwino. Mu 1903, pa mpikisano woyamba wa World Series, anasewera moipa, nalakwitsa kasanu ndi kamodzi, ndipo timu yake inagonja kwa Boston. Chinamuwawa kwambiri, koma sanataye mtima. Mu 1909 timu yake inafikanso pa mpikisanowo, nigonjetsa Detroit, timu ya katswiri wina dzina lake Ty Cobb. Ulendo umenewu Wagner ndiye anali mzati wa anzake.

Nkhani ya khadi

M'chaka chomwecho cha 1909, kampani ya American Tobacco Company inayamba kuika makhadi a osewera m'mapaketi a ndudu. Khadi iliyonse inali yaing'ono, yosakwana masentimita 7 m'litali mwake. Kufikira 1911 anasindikiza mitundu 524. Nzeru ya kampaniyo inali yoonekeratu: mnyamata wofuna chithunzi cha katswiri wake ayenera kupeza paketi ya fodya.

Kampaniyo inafunanso chithunzi cha Wagner, popeza anali wosewera wotchuka koposa. Nyuzipepala ya The Sporting News inalemba mu 1912 kuti anatuma mtolankhani wa ku Pittsburgh, John Gruber, namlonjeza madola 10 ngati Wagner avomera. Wagner anakana. Koma posafuna kuti mnzakeyo ataye ndalama chifukwa cha iye, anamtumizira cheke cha madola 10 cha m'thumba mwake. Kampaniyo inaleka kusindikiza khadi yake, koma makhadi owerengeka anali atatuluka kale.

Chifukwa ninji anakana? A m'banja lake ananena kuti sanafune kuti ana azigula fodya pofuna chithunzi chake. Olemba mbiri ena amati anaona kuti kampani ikufuna kulemera ndi dzina lake popanda malipiro oyenera, pakuti Wagner ankadziwa mtengo wa dzina lake: mu 1905 anali atapangana kale ndi kampani yopanga zibonga za Louisville Slugger kuti isindikize dzinalo pa zibonga zake. Ndiponso musawabisire ana kuti iye mwini ankatafuna fodya. Sanali munthu wangwiro ai. Koma chimene tidziwa ndi ichi: kampani yaikulu inapempha nkhope yake kuti igulitsire ndudu, ndipo mwana wa m'migodi uja anati toto. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Munthu angathe kukhala ndi chizolowezi chimene chamkanika kusiya, komabe nakana kukhala khomo lolowetsera ana a eni m'chizolowezicho.

Ukalamba wake

Atasiya kusewera, moyo sunamkomere nthawi zonse. Sitolo yake ya zipangizo za masewero siinayende bwino, ndipo pa nthawi ya umphawi waukulu umene unagwa ku America kuyambira 1929 iye anasauka. Mu 1933 timu ya Pirates inamlemba ntchito yophunzitsa osewera achinyamata, ndipo anaigwira kufikira 1951. Mu 1936, posankha anthu asanu oyamba olowa m'nyumba yokumbukira akatswiri a baseball, yotchedwa Hall of Fame, anasankha Ty Cobb, Babe Ruth, Honus Wagner, Christy Mathewson ndi Walter Johnson. Mu April 1955 anthu a ku Pittsburgh anamuimikira chifanizo iye akali moyo. Anamwalira pa 6 December chaka chomwecho ku Carnegie, ali ndi zaka 81.

Mtengo wa khadi ija

Tsono taonani chodabwitsa. Chifukwa cha kukana kuja, makhadi a Wagner anakhala osowa, ndipo odziwika lero ali ngati 50 kapena 60 chabe. Jefferson Burdick, amene analemba m'ndandanda makhadi akale natcha gulu limeneli T206, anaika mtengo wa khadi ya Wagner pa madola 50, ndipo anthu a nthawiyo anayesa mtengowo waukulu. Mu 1991 khadi imodzi inagulidwa pa okushoni madola 451,000. Mu 2007 khadi yomweyo inagulidwa madola 2.8 miliyoni. Mu 2022 ina inagulidwa madola 7.25 miliyoni. Wagner mwini wake sanadyepo ngakhale khobidi limodzi la ndalama zimenezi.

Khadi imeneyi yaonetsa mitima ya anthu. Mu 2013 wamalonda wina, Bill Mastro, anavomera m'bwalo la milandu kuti anadula m'mphepete mwa khadi ija ya madola 2.8 miliyoni kuti ioneke yatsopano ndi kukwera mtengo, ndipo pambuyo pake analowa m'ndende chifukwa cha chinyengo pa malonda ake. Koma mu 2010 masisitere a School Sisters of Notre Dame a ku Baltimore, amene analandira khadi yong'ambika monga cholowa kuchokera kwa mlongo wa sisitere wina, anaigulitsa madola oposa 200,000 nathandiza nazo ntchito yao pakati pa osauka. Chinthu ndi chimodzi, koma wina chinamtengera kundende, ena anadyetsa nacho anjala.

Zoti mutsindike pophunzitsa

Musataye nthawi yambiri pa mamiliyoni, chifukwa ana angatuluke m'kalasi akulota ndalama zokha. Athandizeni kuona kuti pa tsiku limene Wagner anakana, sanadziwe kuti khadiyo idzakhala chuma. Tsikulo iye anangotaya madola 10. Ambiri mwa osewera amene anavomera aiwalika, koma dzina la wokana uja likutchulidwabe. Auzeninso kuti aliyense ali ndi womuyang'ana: mwana wa Sitandade 6 ali ndi mng'ono wake amene amatsanzira mayendedwe ake ndi mau ake. Ndipo inu aphunzitsi, kumbukirani kuti kwa ana a m'kalasi mwanu munthu wotchuka amene amamuona sabata ndi sabata ndinu. Chimene muika dzina lanu pa icho, iwo adzachiyesa chabwino.

Mafunso ofunsa ana

1. Kodi Wagner ankagwira ntchito yanji ali ndi zaka 12?
2. Chifukwa ninji kampani inkaika makhadi m'mapaketi a ndudu?
3. Kodi cheke chimene anatumiza kwa John Gruber chikutiuza chiyani za mtima wake?
4. Tchulani zinthu zimene anzanu angakukopeni nazo, zimene muyenera kukana ngakhale mutayepo kanthu.
5. Ndani kwanu amene amatsanzira inu?