Edward Young ndi Zithunzi za Sitima M'mabuku Akale

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza moyo wa Edward Daniel Young, woyendetsa sitima zapamadzi wa ku England, komanso zimene zithunzi za m'mabuku a m'nthawi yake zimaonetsa ndi zimene zimabisa.

Young anabadwa mu 1831 ndipo analowa ntchito ya usilikali wapamadzi. Kuyambira mu 1862 ankayendetsa Pioneer, sitima ya David Livingstone, mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Buku la ulendowo, lomwe linatuluka mu 1865, lili ndi zithunzi zosemedwa pathabwa nkudindidwa papepala. Chimodzi mwa izo chimaonetsa sitima ya Ma Robert ili mu Zambezi. Owerenga a ku Ulaya ankadziwira dziko lathu m'zithunzi zoterezi.

Mu 1866 Musa, mmodzi mwa antchito a Livingstone, anamuthawa nkukafalitsa bodza loti bwana wake waphedwa. Mu 1867 Young anatumidwa kudzafufuza. Anabwera ndi bwato lachitsulo lotchedwa Search, lotheka kuliphwasula ndi kulilumikizanso. Anafika kwa mfumu Marenga, kumwera chakumadzulo kwa nyanja, kufupi ndi chigwa chomwe lero kuli Golomoti ndi Mtakataka. Anthu a kumeneko ndiwo anamutsimikizira kuti Livingstone anadutsa ali wamoyo. Nkhaniyi anailemba m'buku lotchedwa The Search after Livingstone mu 1868.

Mu 1875 anabweranso, akutsogolera amishoni a Livingstonia pamodzi ndi Robert Laws. Sitima yawo, Ilala, inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 October chaka chomwecho. Young anamwalira mu 1896.

Ine ndimaona kuti tiyenera kuwerenga zithunzi zotere monga momwe timawerengera mawu, ndiye kuti kufunsa yemwe akuyankhula ndi yemwe wasiyidwa kunja. Wojambula ankakonda sitima ili pamadzi, utsi uli tolotolo. Koma Ilala sinakwere yokha mathithi a Shire. Inaphwasulidwa, ndipo amtengatenga mazanamazana anaisenza pamutu ndi pamapewa m'njira zamiyala, dzuwa likuswa mtengo. Mayina awo sali pachikuto cha buku lililonse.

Sindikuchepetsa luso la Young ayi. Koma mutu umodzi susenza denga. Poyang'ana sitima m'buku lakale, tizikumbukiranso mboni za kwa Marenga ndi mapewa omwe anasenza zitsulo zija.